Sayansi ndi chikhulupiriro: tisafunse m'busa funso la dokotala

Pa 9 Januwale 2015 anthu a ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, anamwa mowa wa phombe pochokera kumaliro, monga mmene zimakhalira m'midzi yambiri ya chigawo chathu cha Tete, kuno ku Mozambique. Kutacha ambiri anali akusanza, ena akukomoka, ndipo m'masiku otsatira anthu 75 anamwalira mwa anthu oposa 200 amene anadwala. Mayi amene anafulula mowawo anali mmodzi wa omwalirawo. Boma linalengeza masiku atatu oti dziko lonse likhale pa chisoni. Madokotala asananene kanthu, mphekesera inali itapereka kale yankho lakuti wina anathira ndulu ya ng'ona mu mgolo wa mowawo. Nkhaniyo inayenda m'misika ya Tete, Moatize ndi Ulongue, inalembedwanso m'manyuzipepala a maiko akutali, ndipo anthu anayamba kufunsana kuti mwini chiwembucho angakhale ndani.

Panapita miyezi pafupifupi khumi kuti choonadi chidziwike. Akatswiri a zaumoyo anatenga mowa wotsala ndi ufa umene anafululira n'kuzitumiza kumalabotale akunja, ndipo mu Novembala chaka chomwecho boma linalengeza kuti munalibe ndulu ya ng'ona. Munali kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kanaswana mu ufa wa chimanga umene unanyowa ndi madzi n'kuwonongeka. Kachilomboka kamatulutsa poizoni wotchedwa bongkrekic acid, amene alibe fungo lachilendo ndipo satha mphamvu ngakhale chakudyacho chitaphikidwa pamoto. Akalowa m'thupi amatseka njira imene tizigawo ting'onoting'ono ta thupi timapezera mphamvu, motero chiwindi, impso ndi ubongo zimaleka kugwira ntchito. Poizoniyu anali wodziwika kale ku Indonesia, kumene anapha anthu ambiri odya chakudya china chopangidwa ndi kokonati, koma mu Africa kanali koyamba kumupeza. Anthu 75 aja anafa ndi ufa umene unayenera kutayidwa.

Ophunzira a kusekondale ku Ulongue ndi a kuyunivesite ku Tete amakonda kukangana pa funso lakuti, pakati pa sayansi ndi chikhulupiriro, n'chiti chimayankha bwino mafunso akuluakulu a moyo. Mkanganowu umafika mpaka pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo kawirikawiri umatha wina atatchedwa wachikunja, mnzake atatchedwa mbuli. Ine ndine munthu wopemphera, ndipo ndikukhulupirira kuti pa mafunso okhudza cholinga cha moyo, ulemerero wa munthu ndi chimene tingachite ndi chisoni, chikhulupiriro chili ndi mawu amene sayansi ilibe. Koma okhulupirira anzanga ayenera kumva chenjezo ili poyamba: mafunso ambiri amene timapita nawo kuguwa, kukachisi kapena kwa mneneri si a kumeneko. Ndi mafunso a dokotala, a mlangizi wa zaulimi ndi a katswiri wa zanyengo, ndipo tikawapereka kwa munthu amene si mwini wake pamafa anthu.

Funso limene limatisocheretsa kwambiri ndi lakuti, "Wachita zimenezi ndani?" Tinakula tikumva kuti munthu safa chabe. Mwana akatentha thupi n'kukomoka, ng'ombe zikafa motsatizana ku Tsangano, mphezi ikagwera nyumba ku Furancungo, dzuwa lisanalowe pamakhala pali dzina limene likunong'onezedwa, ndipo nthawi zambiri limakhala la gogo wamasiye, la mayi wosabereka kapena la mlimi amene wakolola kachewere wambiri kuposa anzake. Makolo athu ankaweruza milandu yotere ndi mwavi, ndipo osalakwa ambiri anafa nawo, pakuti poizoni wa m'khungwa la mtengo umenewo sadziwa mtima wa munthu. Lero mwavi ndi woletsedwa, koma ntchito yake yatengedwa ndi aneneri ena amene amaima pamaso pa mpingo n'kuuza mayi wolira kuti apongozi ake ndiwo anamumanga mimba. Ndikumvetsa chifukwa chimene munthu woferedwa amafunira dzina. Ululu wopanda mwini ndi wovuta kuusenza, ndipo mkwiyo umaoneka ngati ukupeputsa mtima. Koma mtengo wa kupepuka kumeneko amalipira ndi munthu wina amene amathamangitsidwa m'mudzi, nyumba yake n'kuotchedwa, ndipo chimene chinapha mwanayo chimatsala chili pomwepo kudikira mwana wotsatira.

Pa mafunso a mtundu umenewu sayansi ilibe mnzake, ndipo wopemphera sayenera kuchita manyazi kuvomereza zimenezi. Kuyambira pamene Alphonse Laveran anaona tizilombo ta malungo m'magazi a wodwala mu 1880, ndi pamene Ronald Ross anasonyeza mu 1897 kuti timayenda ndi udzudzu, dziko lakhala likudziwa chimene chimakomola ana athu m'nyengo ya mvula. Mu Meyi 2022 mwana wina wa ku Changara anapezeka ndi poliyo wa mtundu umene Africa inkaganiza kuti inathana nawo. Akatswiri atafufuza chibadwa cha kachilomboko anaona kuti n'kapachibale ndi kamene kankazungulira ku Pakistan, ndiponso ndi kamene kanapezeka ku Lilongwe mu Febuluwale chaka chomwecho. Ana 8 a m'chigawo chathu anagwidwa ndi matendawa. Chimene chinaimitsa mliriwu ndi madontho awiri a katemera amene ogwira ntchito zaumoyo anayenda nawo khomo ndi khomo, ndipo mu Meyi 2024 bungwe la WHO linalengeza kuti mliriwo watha. Komatu pakati pathu pali mipingo imene imaletsa mamembala ake katemera ndi chipatala, ndipo pali alaliki amene amauza munthu womwa ma ARV kuti wachira, ataye mankhwala. Mlaliki wotere akutenga udindo wa dokotala popanda kudziwa ntchito yake, ndipo wodwalayo akamwalira sakhalapo woti ayankhe mlandu.

Chimodzimodzi ndi abale athu achialubino, amene akhala akusakidwa kuno ndi ku Malawi chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amabweretsa chuma. Sayansi inalongosola kalekale kuti mwana amabadwa choncho pamene bambo ndi mayi onse awiri ali ndi chibadwa chimenecho m'thupi, ngakhale iwo eni ali akuda, ndipo kuti kusiyana kwake kuli pa kuchepa kwa utoto wa khungu, tsitsi ndi maso basi. Akulu anati safunsa anadya phula. Pano amene sakufunsa akudyetsa phula anzawo.

Chodabwitsa n'chakuti Malemba amene anthu ena amanyamula pofuna mfiti amakana funso limeneli. Mu mutu 9 wa Uthenga Wabwino wa Yohane ophunzira anaona munthu wobadwa wosaona, ndipo anafunsa Yesu kuti anachimwa ndani, munthuyo kapena makolo ake. Yesu anayankha kuti sanachimwe munthuyo ngakhale makolo ake, kenaka anamuchiritsa. Anachotsa ophunzira ake pa kufunafuna wolakwa n'kuwaika pa kuthandiza wovutika. Chotero pamene ndikuti m'busa asayankhe funso la dokotala sindikupempha mpingo kuti ugonjere sukulu. Ndikuupempha kuti umvere Mwini wake.

Achinyamata ambiri amaganiza kuti nkhondo yeniyeni ili pa chiyambi cha dziko. Ine sindiona nkhondo pamenepo. Malasha a ku Moatize anachokera ku nkhalango za m'madambo zimene zinamera zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, pamene Africa inali yolumikizana ndi India, South America ndi Antarctica, ndipo masamba a zomera za nthawi imeneyo amapezeka atadindika m'miyala ya maiko onsewa. Akatswiri a zakuthambo amawerengera kuti chilengedwe chonse chili ndi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni. Zimenezi zinapezeka poyeza, ndipo wotsutsa ayenera kubwera ndi muyeso wake. Nkhani ya makolo athu ya pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama kumalire athu ndi Malawi, imanena kuti Chauta, munthu ndi nyama anatsika pamodzi ndi mvula n'kukhala mwamtendere kufikira pamene munthu anapeka moto umene unabalalitsa onse. Agogo amene ankasimba nkhaniyi sankaphunzitsa zaka za miyala. Ankaphunzitsa kuti luso la munthu likhoza kuthyola ubale wake ndi Mlengi ndiponso ndi zolengedwa zinzake, ndipo aliyense woona mapiri athu ometedwa mitengo ndi oocha makala akudziwa kuti phunzirolo silinakalambe.

Tisaiwalenso kuti munthu amene anayamba kulemba mu 1927 kuti chilengedwe chikufutukuka, n'kudzanenanso mu 1931 kuti chinayambira pa kanthu kamodzi kothinana, anali wansembe wa ku Belgium, Georges Lemaître. Kuno kwathu, pa mishoni ya Boroma pafupi ndi mzinda wa Tete, wansembe wa Chijezuiti wa ku Hungary, László Menyhárth, ankalemba za nyengo ndi kutolera zomera za m'chigwa cha Zambezi m'zaka za m'ma 1890, mpaka pamene anamwalira ku Zumbo mu 1897, ndipo zomera zina zimatchedwa ndi dzina lake kufikira lero. Anthu amenewa ankapemphera m'mawa n'kuyeza masana, osaona kuti akutumikira mabwana awiri.

Malire a sayansi amaonekera pamene pepala la ku labotale lawerengedwa kale. Pepalalo limamasula osalakwa ku mlandu wabodza, ndipo limeneli ndi phindu lalikulu. Koma mwana amene wataya mayi ndi bambo m'sabata imodzi satonthozedwa ndi dzina la kachilombo. Mafunso ake ndi ena: ndikhalirenji ndi moyo, adzanditcha wake ndani, kodi amene apitawa atheratu? Dokotala akhoza kulongosola bwino lomwe mmene mtima umaimira, koma alibe chipangizo choyezera ngati munthu amatha ndi mpweya wake womaliza, ndipo katswiri amene amanena motsimikiza kuti kuseri kwa manda kulibe kanthu akunena chikhulupiriro chake, monga mmene inenso ndimanenera changa. Sindikunena kuti chipembedzo chimabweretsa umboni umene labotale yalephera kupeza. Chimabweretsa chiyembekezo chimene munthu angathe kuimirirapo, ndiponso anthu amene amachisenza pamodzi naye. Amayi a mpingo amagona pasiwa kuimba mpaka kucha. Adzukulu amakumba manda popanda malipiro. Asilamu amasambitsa mbale wawo ndi kumuveka nsanda mwaulemu womwewo, kaya anali wolemera kaya wosauka. M'midzi ya Angónia, Macanga ndi Chifunde gule wamkulu amatuluka kudzaperekeza mzimu kwa makolo. Anthu onsewa sagwirizana pa ziphunzitso, koma onse akuuza woferedwa kuti womwalirayo sanali chinthu chotha ntchito, ndiponso kuti wotsalayo sanasiyidwe yekha. Maliro n'kulirana, ndipo palibe mankhwala amene angalowe m'malo mwa zimenezi.

Pali funso linanso lalikulu limene ife a ku Tete timalidziwa bwino kuposa ambiri, lakuti luso litumikire yani. Damu la Cahora Bassa, limene linatha kumangidwa mu 1974, ndi ntchito yodabwitsa ya mainjiniya. Limatha kupanga magetsi oposa mamegawati 2,000, ndipo mawaya ake amayenda makilomita pafupifupi 1,400 kukafika kufupi ndi Johannesburg. Koma pomanga damulo anthu masauzande ambiri anachotsedwa m'minda yachonde ya m'mbali mwa Zambezi, ndipo kufikira lero pali midzi imene imagona mumdima mawayawo akudutsa pamwamba pake. Pamene migodi ya malasha inkatsegulidwa ku Moatize, mabanja anasamutsidwira ku Cateme, ndipo nkhani imodzi yovuta inali ya manda a makolo awo. Katswiri wa miyala akhoza kunena kuchuluka kwa malasha amene ali pansi pa manda, koma kuwerengera kwake sikungamuuze chifukwa chimene nkhalamba imakanira kusiya mafupa a amayi ake. Sikelo ya pamsika wa ku Ulongue imatchula kulemera kwa thumba la nyemba, koma siingatchule ngati mtengo umene wogula akupereka uli wachilungamo. Kuti munthu wosauka ali ndi ulemu umene sugulidwa, ndiponso kuti akufa ali ndi malo pakati pa amoyo, timaphunzira kwina.

Dziko lathu linayesapo kale kuika sayansi pampando wa chipembedzo, ndipo akuluakulu amene alipo akukumbukira. Titalandira ufulu mu 1975 boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo mu 1977 chipani cholamula cha Frelimo chinalengeza kuti chikutsata Chimarxi, chiphunzitso cha ndale chosavomereza chipembedzo. Pamisonkhano anthu ankafuula kuti "Abaixo o obscurantismo", kutanthauza kuti mdima wa umbuli ugwe, ndipo m'thumba limenelo munaponyedwa asing'anga, mafumu, nsembe za mvula, chinamwali ndi gule wamkulu, pamene mipingo inapanikizidwa. Zabwino zinalipo, ndipo n'kulakwa kuzibisa: katemera anafika kwa anthu mamiliyoni m'zaka zoyamba zimenezo, ndipo akuluakulu ambiri anaphunzira kulemba dzina lawo. Koma anthu sanaleke kupemphera. Ankathira nsembe usiku, ankabatiza ana m'nyumba, ankavinira anamwali mobisa, chifukwa msonkhano wa chipani sunali ndi mawu oti unene pamanda. Malamulo aakulu a dziko a 1990 anatsegula njira ya ufulu wa chipembedzo, ndipo mu 2005 UNESCO inalemekeza gule wamkulu ngati chuma cha anthu onse cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Chimene chinatchedwa mdima chinadzasanduka chonyadira cha dziko m'zaka pafupifupi 30.

Pa nthawi zoopsa kwambiri za mbiri yathu, amene anaima pakati pa mfuti ndi anthu kawirikawiri anali anthu a chikhulupiriro. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a atsamunda a Chipwitikizi anapha anthu mazana ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kumwera kwa mzinda wa Tete. Boma la atsamunda linakana, koma ansembe ndi masisitere anamvetsera opulumuka, analemba maina a ophedwa n'kuwatulutsa m'dziko mobisa, mpaka Bambo Adrian Hastings anaulula nkhaniyo m'nyuzipepala ya The Times ku London mu Julayi 1973. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a Chijezuiti, João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia, ndi Sílvio Moreira, amene anakhalabe ndi anthu awo pakati pa nkhondo yapachiweniweni, anatengedwa ku Chapotera n'kuphedwa. Pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992 linatheka ndi mkhalapakati wa gulu lachikatolika la Sant'Egidio ndi Episkopi wamkulu wa ku Beira, Jaime Gonçalves. Ndipo pamene abale athu ankabwerera kuchokera kumisasa ya othawa nkhondo ku Malawi, n'kupeza kuti mnyamata amene anaotcha nkhokwe zawo akukhala kutsidya kwa dambo, kunalibe khoti loweruza milandu ya nkhondoyo. Amene anachititsa kuti anthu adyerenso mbale imodzi anali mapemphero a kulapa m'matchalitchi ndi miyambo yosambitsa obwera kunkhondo m'midzi. Palibe kafukufuku amene akanalamula mayi kuti akhululukire wopha mwana wake.

Wotsutsa adzandiuza kuti ndasankha zokoma zokha, ndipo ali ndi mfundo. M'nthawi ya ma prazo, minda ikuluikulu ya atsamunda, ansembe ena a m'chigwa cha Zambezi anali ndi minda ndi akapolo. Pangano la 1940 pakati pa Portugal ndi Vatican linamangirira mishoni ku ulamuliro wa atsamunda, ndipo atsogoleri ambiri a mpingo anakhala chete pamene anthu ankagwira chibalo. Adzandiuzanso kuti pali madokotala ndi aphunzitsi osapemphera amene anatumikira odwala ndi ana athu mokhulupirika kuposa ena oimba kwaya. Zonsezi ndi zoona. Koma dokotala wosapempherayo akamagona m'chipatala usiku chifukwa cha mwana wa munthu wosamudziwa, kutsimikiza kwake kuti mwanayo ndi woyenera kupulumutsidwa sanakupeze pa makina oonera tizilombo. Akukhulupirira chinthu chimene sichiyezedwa, ngakhale sachitcha Mulungu. Ndipo pamene tikudzudzula wansembe wosunga akapolo, muyeso umene tikumuweruzira ndi womwewo umene iye ankawerenga paguwa, wakuti munthu aliyense analengedwa m'chifanizo cha Mulungu.

Funso lovuta kwambiri ndi lakuti, popeza zikhulupiriro n'zambiri ndipo zimatsutsana, tidziwa bwanji choyenera kutsata? Pano ndi pamene sayansi imathandiza chikhulupiriro koposa. Chiphunzitso chimene chimafuna kuti mwana afe ndi chikuku pamene katemera alipo, chimene chimafuna kuti gogo athamangitsidwe chifukwa cha malungo a mdzukulu wake, kapena chimene chimalonjeza chuma kwa wopereka mbuzi yake yomaliza kwa mneneri, chadziulula chokha, pakuti chikunena zabodza pa zinthu zimene tingathe kuyeza. Munthu wonama pa zooneka sitiyenera kumukhulupirira pa zosaoneka.

Ndikanakonda kuti m'masukulu ophunzitsa abusa, akatekisiti ndi mashehe a m'chigawo chathu muziphunzitsidwa zizindikiro za malungo a m'bongo, za kolera ndi za mimba yoopsa, kuti mtsogoleri woitanidwa usiku kukapempherera wodwala adziwe nthawi yoti apemphere ali panjira yopita kuchipatala. Asing'anga a m'bungwe la AMETRAMO ayenera kukana kutchula dzina la munthu monga woyambitsa matenda, ndipo mafumu aziitana wa zaumoyo asanaitane woombeza. Mbali ya chipatala nayonso ili ndi ngongole yake. Mayi akafika mochedwa ndi mwana amene ali ndi mphini zatsopano pachifuwa ndi chithumwa m'khosi, namwino amene amamukalipira pamaso pa anthu kuti ndi wotsalira amakhala atamutaya, chifukwa mayiyo anayenda mtunda wautali kuchokera ku Dómue kapena ku Marávia ali ndi mantha kale, ndipo mwana wachiwiri akadzadwala sadzabwera naye.